Mlandu wa Kapampu

Lolemba, 18 Juni 2018

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi lachiwiri kuchokera pazenera. Kabuku aka wandipatsa ndi Fyness, mkazi wanga, kuti ndizilembamo mankhwala ndi zimene madokotala anena. Iye ndi nesi pachipatala china mumzinda muno, ndipo watopa nawo malipoti anga. Akandifunsa kuti dokotala wati chiyani, ndimamuuza za nsapato za dokotalayo.

Ndiye nazi zenizeni. Khansa ya kapamba, anaipeza mu Febuluwale, tsopano yafika kuchiwindi. Kemo, mankhwala olimbana ndi khansa, tinayesa maulendo anayi: khansa inanenepa, ine ndinaonda. Lero chandibweretsa ndi chikasu. Njira ya ndulu yatsekeka. Bilirubini, chinthu chimene chikundisandutsa yelo, ili pa 212. Sikelo ikuti makilo 58; pa Khirisimasi inkati 74. Thupi lonse kuyabwa ngati ndagona pa chitedze.

Kunja kukutentha, azungu a kuno ku England akuti sanaonepo. Zenera limatseguka mpata wa zala zitatu basi, kuopa kuti tingathawe.

Lachiwiri, 19 Juni

Magazi 6 koloko m'mawa. Sikani 11 koloko. Mawa andiika kachubu kotsegula njira ya ndulu.

Ndinali pafoni ndi Fyness, kumuuza kuti phala la pano ndi lomatira mapepala, komanso kuti mdala wa bedi loyandikana nane amaliza mkonono ngati chigayo cha dizilo. Kuseri kwa katani kunamveka mawu:

"Achimwene, chigayo chikumva."

Ndinakoka katani. Mmwenye wa ndevu zoyera, mapazi otupa, akuseka mpaka kutsokomola. Dzina lawo a Nisar. Anabadwira ku Balaka, bambo awo anali ndi sitolo pafupi ndi siteshoni ya sitima, anabwera kuno mu 1978. Vuto lawo ndi mtima ndi impso. Chichewa chawo ndi chakale, chosungidwa m'firiji zaka makumi anayi, koma sichinasase.

"Kwanu kuti?"

"Ku Ntcheu."

"Mngoni! N'chifukwa chake chiwindi."

"Mowa ndinasiya kalekale, bwana."

"Nonse mumatero."

M'Leicester muno munthu sungajede mnzako m'chilankhulo chilichonse.

Lachitatu, 20 Juni

Kachubu kalowa. Anadzera pakhosi. Nesi anandiuza kuti ndiganize za chinthu chosangalatsa; ndinaganiza za basi yopita kunyumba kwathu ku Beaumont Leys itabwera pa nthawi yake. Pakhosi pakuwawa. Madzi okha.

Lachisanu, 22 Juni

Bilirubini 160. Kuyabwa kwachepa. Koma ndikusanza chilichonse, ndi mapiritsi a ululu omwe.

Kwabwera Dokotala Shirin, wa gulu losamalira ife amene sitichira. Ntchito yawoyo ili ndi dzina lina laulemu, koma tanthauzo lake ndi limenelo. Madokotala ena amalankhula ataimirira, phazi limodzi likuloza kukhomo. Awa anakoka mpando n'kukhala.

Andiika kapampu. Ndi kabokosi kangati wailesi ya m'thumba, m'kati muli siringi, kachingwe kake kalowa pansi pa khungu pamkono. Kamakankha mankhwala pang'onopang'ono osalekeza. Mofini woletsa ululu, 20mg pa maola 24, ndi mankhwala ena oletsa kusanza. Madzulo ndadya masipuni anayi a mpunga umene a Hawabai, akazi awo a Nisar, anabweretsera amuna awo. Wakhala m'mimba.

Loweruka, 23 Juni

Dongosolo la pano. M'mawa amakudzutsa kuti akufunse ngati wagona bwino. Kenako kuyeza kuthamanga kwa magazi, tiyi, mayi wa pepala la chakudya. Pepalalo umasankha lero zimene udzadye mawa. Ndinamuuza mayiyo kuti chikhulupiriro chake n'chachikulu kuposa cha abusa athu.

Amafunsanso kuti ululu uli pati, kuyambira 1 mpaka 10. Lero ndati 4. A Nisar nthawi zonse amati 9, akuti munthu umayamba ndi mtengo wokwera kuti mukumane pakati.

Lamulungu, 24 Juni

Alendo asanu ndi anayi ochokera kutchalitchi, pomwe lamulo la wodi limati awiri. Analowa awiriawiri ngati m'chingalawa cha Nowa, osatulukanso. Wotsogolera a Zefaniya, alamu anga, achimwene ake a Fyness, mkulu wa mpingo, a ku Wigston. Abweretsa thobwa, nkhuku yokazinga, chigumu, mandasi. Nkhuku yapita kwa manesi. Mandasi apita kwa a Nisar, amene madokotala anawaletsa mandasi.

Aliyense: "Koma mukuoneka bwino!" Ndili yelo ngati papaya. "Muchira, alamu. Ogasiti uno tikawotcha nyama kupaki." Ndinati zikomo. Kwathu wodwala sauzidwa, nayenso sauza anthu. Tonse timadziwa, tonse timakhala chete, ndiye timati ulemu.

Pemphero linagundana ndi mpira. Pa TV ya pakona England imamwetsa Panama zigoli. A Zefaniya atangoti, "Ambuye, onetsani mphamvu yanu," wodi yonse inakuwa. Anatsegula diso limodzi.

Potsanzika anandijambula, monga timachitira, kuti akumudzi aone kuti anthu anabwera kudzazonda. Ine pakati. Fyness pambali, atavala yunifolomu chifukwa amapita ku shifiti, dzanja lake lili pa kapampu, amakasuntha kuti kasagwe pabedi.

Lolemba, 25 Juni

Kufooka. Bilirubini 118. Mofini akweza, 30mg. Ndagona tsiku lonse.

Lachitatu, 27 Juni

Nkhani pa TV masana. Khoti la apilo ku London lakana pempho la bambo wina wodwala matenda opuwalitsa thupi lonse, amene amafuna kuti lamulo lilole dokotala kumuthandiza kufa nthawi yake ikayandikira. Oweruza ati nkhani yotere ndi ya aphungu. Aphunguwo anaikana kale mu 2015, mavoti 330 kwa 118. Choncho wothandiza mnzake kufa akhozabe kukakhala kundende mpaka zaka khumi ndi zinayi.

A Nisar anati, "Achita bwino. Moyo ndi katundu wa Mulungu. Ife anangotisungitsa."

"Nanga katunduyo akayamba kuwola m'sitolo?"

"Umadikira mwini wake. Sutaya wekha."

"Mwini wake akachedwa?"

"Achimwene, inu munaphunzira kwambiri. Amenewonso ndi matenda."

Dokotala Shirin atabwera ndinawafunsa kuti, lamulolo likanadutsa, mukanandithandiza? Anati lamulolo kulibe, ndiye tikambe zimene zilipo. "Mukuopa chiyani kwenikweni?" Ndinasaka nthabwala, sinabwere. Ndinawauza za gogo wina wa zaka 91 kunyumba yosamalira okalamba kumene ndagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi, digiri yanga ya ku Zomba ikupuma m'sutikesi. Mtima wake unaima tikumudyetsa. Panalibe pepala loletsa, ndiye a ambulansi anamukanikiza pachifuwa mphindi makumi awiri. Nthiti ndinazimva zikuthyoka ndili pakhomo. Anamwalirabe.

Dokotala anati ya zimenezo fomu ilipo, ndipo lamulo limailola. Siletsa mankhwala, siletsa chakudya, siletsa chithandizo. Imangonena kuti mtima ukaima wokha, asaudzutse mokakamiza. Amasaina ndi dokotala, koma pali mzere polembapo dzina la wachibale amene akambirana naye. Ndikapita kunyumba popanda fomuyo, tsiku limenelo a ambulansi adzandichita za gogo uja pabalaza panga.

Ndinafunsa za nthawi. Anati masabata, mwina miyezi iwiri. Ndalemba monga ananenera.

Dokotala atatuluka, a Nisar kuseri kwa katani: "Imeneyo ine ndili nayo kale. Ndinafunsa kumzikiti. Kukana kutibulidwa si kudzipha."

Lachinayi, 28 Juni

Ndamuuza Fyness za fomu. Ndimayesa nesi amva msanga. Anakoka makatani onse.

"Dzina langa lisalembedwe pamenepo."

"Nachisale," ndinamuitana ndi mfunda wake, monga ndimachitira ndikafuna kumunyengerera, "inuyo mumawafotokozera anthu za fomu yomweyi sabata iliyonse."

"Anthuwo alibe achemwali ku Ntcheu."

Anatulutsa foni n'kuiika pakhutu panga. Mawu a achemwali anga aakulu, a Dyna, otumizidwa dzulo pa gulupu ya banja lathu, imene ine ndinasiya kuitsegula chaka chatha chifukwa cha mavesi a m'mawa:

"Mayi inu, chithunzi tachiona. Kamakina mwagwirako tafunsa, akuti ndi kamene azungu amamalizira odwala. Pa wailesi tamvanso kuti kumeneko nkhani yopha odwala ili kukhoti. Mchimwene wathu anachoka kuno ndi thupi lake. Inu ndinu nesi, mukudziwa zimene mukumuthira. Mtembo ukadzafika, mudzatifotokozera."

Pansi pake wina waikapo zimene ndinalemba pa Facebook mu 2015, aphungu atakana lamulo lija. Ndinalemba kuti kuno galu akadwalitsitsa amamugoneka mwaulemu, kanyimbo kakulira, pomwe mwini galuyo amauzidwa kuti apirire; ndiye ndinapempha kuti tsiku langa likadzafika adzanditengere kwa dokotala wa ziweto. Anthu 140 anaseka nthawi imeneyo. Lero akuti ndi umboni wakuti Fyness anandilowetsa maganizo amenewa kalekale.

"Inu mudzakhala m'bokosi," anatero Fyness. "M'nyumba ya siwa, pakati pa azichemwali anu, ndidzakhalamo ndine. Masiku awiri. Yamiko ali pambali panga, akumva mayi ake akutchedwa mfiti."

Yamiko ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, ali pa yunivesite ku Loughborough. Chichewa amamva chonse, ngakhale amayankha m'Chingerezi.

Bilirubini 74.

Lachisanu, 29 Juni

Ndawaimbira a Dyna. Nditangoti, "Achemwali, matendawa," anayamba kulira. Akuti ndisaope, akudziwa kuti sindingalankhule momasuka mayiyo ali pomwepo. Mayiyo anali ku shifiti.

Vuto ndi lakuti kumudzi palibe amene ndinamuuza mawu oti khansa. Ndinkangoti zam'mimba. Mu Epulo ndinawatumizira chithunzi cha chaka chatha, masaya ali pwepwete. Ndiye kwa iwo munthu anali bwinobwino mu Epulo, mu Juni ali yelo, pambali pake nesi ndi kamakina. Nanenso ndikanakhala ku Ntcheu ndikanafunsa.

Za lamulo lija ndaganiza. Ndikanakhala phungu ndikanalivomereza lero lomwe, ndipo alipo amene likanawathandiza, monga bambo wa pa TV uja. Koma ine sindikanaligwiritsa ntchito. Aphungu akhoza kufufuta zaka khumi ndi zinayi zija. Chilango cha ku Ntcheu sichili m'buku lawo.

Loweruka, 30 Juni

Yamiko wabwera pa sitima. Wandidula zikhadabo, wandiwerengera zotsatira za mayeso ake. Ndinamufunsa ngati amayi ake akudya. Anapukusa mutu. Gulupu ija nayenso alimo, wamva zonse. Anati, "Dad, just tell them." Ndinamuyankha kuti zinthu zake sizophweka choncho. Anafunsa chifukwa. Ndinalankhula mphindi zisanu za chikhalidwe chathu, iye akundiyang'ana monga ndinkawayang'anira aphunzitsi amene sanakonzekere phunziro.

Lamulungu, 1 Julayi

A Zefaniya abwera okha, opanda thobwa. Anakhala pampando, chipewa pabondo.

"Alamu, chithunzi chija ndinatumiza ndi mtima wabwino."

"Ndikudziwa. Munandijambulanso mbali yabwino."

"Musaseke. Mlongo wanga watha."

Anati alembe pa gulupu kufotokoza za kapampu. Ndinati mchimwene wa woimbidwa mlandu akalemba, a Dyna angokolezera. A Zefaniya ndi amene anakumbukira: pa ukwati wathu mu 1996, nkhoswe ya Fyness anali iwowo, yanga anali amalume a Chilungamo. Nkhani ya m'banja ikakula timaitana ankhoswe a mbali zonse ziwiri, mwini nkhani n'kulankhula pamaso pawo. Komanso pa maliro anga, woimirira kufotokozera anthu mmene ndinadwalira adzakhala amalumewo. Zimene adzanene iwo ndi zimene mudzi udzasunge.

"Koma muwauze zonse," anatero a Zefaniya. "Ndi mawu ake enieni."

"Mawu amene inu munawazemba Lamulungu lapitali?"

Anayang'ana chipewa.

Lachiwiri, 3 Julayi

Zokumana ndi amalume pafoni sizinatheke. Foni ya amalume inalibe moto. Mofini 40mg. Miyendo yayamba kutupa. A Nisar akuti tsopano tikhoza kubwerekana masilipasi.

Lachitatu, 4 Julayi

2 koloko masana, kwathu 3 koloko. Sisitala wa wodi watilola kukoka makatani. Fyness kumanzere kwanga, a Zefaniya kumanja, foni yatsamira jagi ya madzi. Pa foniyo amalume, zaka 79, kalaliki wa khoti wopuma ntchito, atavala jekete ndi tayi. Kumbuyo kwawo kumaoneka phewa la a Dyna.

Malonje anatenga mphindi khumi: kuzizira, chimanga, bondo la amalume. Kenako a Zefaniya anaipereka nkhani mwa dongosolo lake, chithunzi, fomu, mawu a pa gulupu, n'kundipatsa mpata.

"Amalume, ndili ndi khansa. Inayamba kukapamba, yafika kuchiwindi. Madokotala ati sindichira."

"Madokotala si Mulungu, Abisalomu."

"Zoona. Koma ndikufa, amalume."

"Usalankhule choncho. Munthu salankhula choncho."

"Ndakhala osalankhula choncho kuyambira Febuluwale. Taonani pamene pamufikitsa mkazi wanga."

Phewa lija linasuntha. Mawu a a Dyna: "Akumuuza zonena! Mufunseni za kamakinako!"

Ndinanyamula kapampu kukaonetsa pa kamera. Ndinati aka ndi koletsa ululu, ndipo ngati kali kopha ndiye n'kaulesi, chifukwa masiku khumi ndi awiri kakulephera ntchito. Palibe anaseka, kupatula kuseri kwa katani.

"Ndani ameneyo?" anafunsa amalume.

"Ndine Nisar, bambo, mwana wa sitolo ya ku Balaka. Pepani kulowerera. Ine ndimagona pafupi ndi mwana wanuyu. Mankhwala m'kabokosimo amathira ndi manesi a pano, awiriawiri, wina kuthira wina kusaina. Mayiwa sakhudza. Iwo amangobwera kudzamupukuta ndi kumukalipira."

"Sitolo iti ku Balakako?"

"Pafupi ndi siteshoni, ya zitseko zobiriwira."

"Ndinagulapo njinga pamenepo. Inathyoka."

"Munakwezapo matumba angati, bambo?"

Amalume anakonza tayi, mawu anasintha, anakhala a kukhoti.

"Abisalomu, ndikufunsa, uyankhe wekha. Fomu akunena a Zefaniyayi, waifuna ndiwe?"

"Ndine."

"Mkazi wako anakuuza kuti uifune?"

"Anaikana. Mpaka pano akuikana."

"Ikufupikitsa masiku ako?"

"Ayi. Ikungoletsa kuti ndikapita asandithyole nthiti pondibweza."

"Nanga za galu zija?"

"Ndinalemba ndekha. Fyness anati ndifufute, ndinakana."

"Unali wopusa."

"Anthu 140 anaseka, amalume."

"Analinso opusa."

Anatembenuka. "Dyna, wamva?" Yankho sitinalimve. Tinamva chitseko.

Amalume anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi nthawi yaitali. Ndinayesa foni yaduka.

"Ndiye pa tsikulo ukufuna ndikanene chiyani?"

Fyness anagwira pakamwa. A Zefaniya anayamba kunena kuti zimenezo n'zakutali, amalume anawaletsa ndi dzanja.

"Dikira. Nditenge cholembera."

Ndinawauza pang'onopang'ono: mwezi umene anaipeza, dzina la matenda, kemo maulendo anayi, kachubu, kapampu ndi ntchito yake, fomu ndi amene anaifuna. Atafika pa mawu oti khansa dzanja linaima, kenako linapitiriza. Anandiwerengera kawiri, ndinakonza deti limodzi.

Ndatopa kwambiri. Sindinadye.

Lachinayi, 5 Julayi

Makilo 55. Bilirubini 41. Mofini 40mg, sanasinthe. Ululu 3.

M'mawa amalume atumiza mawu pa gulupu ya banja kuti onse amve. Awerenga zimene analemba dzulo, liwu ndi liwu, ndi madeti omwe, ngati chigamulo. A Dyna sanayankhe kanthu, koma foni ikuonetsa kuti amvetsera. Sindiyembekezera kupepesa, m'banja mwathu sitinaphunzire. Kumapeto amalume awonjezera chiganizo chimene ine sindinawauze: "Mkazi wake, Nachisale, wamusamala mwana wathu kuyambira tsiku loyamba, ndipo wofuna kunena zina adzayambe wabwera kwa ine."

Fyness anamvetsera kawiri, ataima pazenera, atandifulatira.

11 koloko Dokotala Shirin anabwera ndi fomu. Anakhala pansi, analemba zawo, anasaina. Atafika pa mzere wa wachibale anafunsa ngati alembepo dzina kapena asiye. Ine ndinayang'ana kudenga. Imeneyo sinali nkhani yanga.

"Lembani Fyness," anatero Fyness. "Mkazi wake."

Anaima pomwepo mpaka dokotala atamaliza, anatenga fomuyo n'kuiwerenga yonse kuyambira pamwamba, monga amachitira kuntchito. Kenako anaiika m'chikwama chake n'kundifunsa kuti kunyumba bedi aliike pabalaza kapena kuchipinda.

Ndati pabalaza. Andidischaja mawa 10 koloko.